NBS kapena National Bank: ndiyang'ane chiyani ndisanagule masheya?

Wofunsa:
Akuluakulu, ndili ndi kangachepe komwe ndikufuna kuika pa Malawi Stock Exchange, ndipo maso anga ali pa NBS Bank. Chikundikoka n'chakuti sheya imodzi ya NBS ndi yotsika mtengo kutalitali poyerekeza ndi ya National Bank. Komanso FDH idalowa pamsika mu 2020 pa K10 yokha, ndipo ogula nthawi imeneyo pano akumwetulira. Kodi banki yaing'ono mumaiyeza bwanji ndi zikuluzikuluzi? Ndisanapite kwa broker, wogula ndi kugulitsa masheya m'malo mwa anthu, ndifuna ndimve kwa inu.

Mayi wa ku Zomba:
Achimwene, mtengo wa sheya imodzi pawokha sunena kanthu. Kampani ina keke yake idaidula tizidutswa tambirimbiri, ina zidutswa zochepa, basi. Tengani mtengo wa sheya mugawe ndi phindu limene sheya imodzi yapanga pachaka, ndiyo P/E. Chitani zimenezo pa NBS, FDH, National ndi Standard, za chaka chofanana. Kenako onani mtengowo poyerekeza ndi chuma chenicheni cha banki chomwe chili m'mabuku. Mutha kudabwa kuti yomwe mukuiyesa yotchipa ndiyo yodula.

Wina wa ku Johannesburg:
Ndiwonjezereko. Musangoona kuti phindu lakwera, funsani kuti lachokera kuti. Mabanki athu amadya kwambiri pobwereketsa boma, ma Treasury bill aja, chiwongoladzanja chikakhala pamwamba. Nanga chikadzatsika? Banki yomwe anthu ambiri amasungitsako ndalama popanda kuwalipira chiwongoladzanja chochuluka ndiyo imapirira. Werenganinso za ngongole zomwe sizikubwezedwa. Ndipo kumbukirani kuti mu November 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, choncho phindu lokwera pamapepala likhoza kukhala litadyedwa kale. FMB Capital, mwini wa First Capital Bank, musaiike mulu umodzi ndi enawa, imachita malonda ku Botswana, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique komwe, ndipo imawerengera mu dola.

Wofunsa:
Zikomo amayi, zikomo achimwene. Nanga NICO? Mnzanga akuti ndigule zonse ziwiri, NICO ndi NBS, kuti ndisaike zonse pamalo amodzi.

Mayi wa ku Zomba:
Mnzanuyo mumuuze kuti mwini wamkulu wa NBS ndi NICO yomweyo. NBS ikatsokomola, NICO imamva. Pemphani broker akupatseni malipoti a pachaka a zaka zingapo, muone madividendi (gawo la phindu lomwe kampani imagawira eni masheya), ndiponso mumufunse kuti masheyawo amagulika msanga bwanji mukadzafuna kugulitsa. Pamsika wathuwu pena umadikira wogula.