Digiri ya zaka zinayi ku community college ya ku California: thandizeni apa

Akuluakulu amene mukudziwa za maphunziro a ku America, ndikufuna thandizo pa nkhani iyi.

Florida idaloleza ma community college (makoleji a boma a m'madera, amene nthawi zambiri amaphunzitsa zaka ziwiri) kupereka digiri ya bachelor's mu 2001. California idayamba mongoyesera ndi lamulo la SB 850 mu 2014, makoleji 15 okha, kenako AB 927 ya 2021 idakhazikitsa ndondomekoyi, ndi malire a mapulogalamu atsopano 30 pachaka. Chovuta chili apa: koleji siyiloledwa kupereka digiri imene ikuphunzitsidwa kale ku CSU (California State University) kapena UC (University of California), mayunivesite a boma la California. N'chifukwa chake timaona madigiri a respiratory care (chisamaliro cha ovutika kupuma) ndi dental hygiene (chisamaliro cha mano), koma unamwino ayi. Bwanamkubwa wa California, Newsom, adakana kusayina bilu ya SB 895 mu 2024 yomwe ikadatsegula khomo limeneli.

Funso langa lalikulu ndi la mayuniti (muyeso wa kuchuluka kwa maphunziro amene munthu wachita). Digiri imafuna pafupifupi 120, ndipo wokhala ku California amalipira $46 pa yuniti, kuwonjezapo $84 pa yuniti iliyonse ya maphunziro a chaka chachitatu ndi chachinayi. Wophunzira akasiya pakati n'kupita ku CSU, kodi mayuniti apamwambawo amawerengedwa onse, kapena amatengedwa ngati maphunziro osankha chabe? Apa ndi pamene munthu angataye chaka chathunthu, makamaka chifukwa pulogalamuyo ilibe inzake kumeneko, monga lamulo lomwelo limafunira.

Chinanso: wa viza ya F-1 (ya ophunzira ochokera kunja) amalipiranso $84 ija pamwamba pa fizi ya alendo?

Ndipo amene adayesapo kulowa master's ndi digiri yotere, mayunivesite adafunsa chiyani kupatula umboni wa ACCJC, bungwe lovomereza makoleji amenewa?