Njinga yayamba kufuka utsi, ndipite nayo kwa ndani?

Akuluakulu, ndithandizeniko maganizo. Njinga yanga ya kabaza, ya 150cc, yayamba kutulutsa utsi wabuluu, makamaka m'mawa ndikangoiliza. Oyilo akutha msanga, pulagi ndikaichotsa ikumakhala yakuda, yonyowa mafuta, ndipo pa chitunda ndikanyamula munthu ikumachita kulira mphamvu palibe.

Kumene ndinaigula akuti ndiisiye ayione, koma mtengo sakunena mpaka atsegule injini, komanso walanti inatha kale. Kuigoneka kumeneko ndiye kuti kunyumba sadya. Makaniko wina ku Biwi wangomvera kulira kwake n'kunena kuti ndi maring'i a pisitoni, akonza tsiku lomwelo. Chondiopsa n'chakuti masipeya abodza achuluka, ndipo ena amakuikira akale atangowatsuka ndi petulo.

Kusintha oyilo, kukunga tcheni ndi kumanga mabuleki ndimachita ndekha, koma injini sindinaitsegulepo. Kodi maring'i munthu angasinthe yekha ndi masipanala wamba, kapena ndingasokoneze taiming'i? Nanga ndingadziwe bwanji kuti vuto ndi maring'i osati masili a mavavu? Amene munakonzetsapo zotere ku Lilongwe kuno, masipeya munagula nokha kapena munasiyira makaniko?