Smart pointer yanga ikufufuta zinthu nthawi isanakwane, ndalakwitsa pati?

mwana_wa_ku_Dedza

Moni nonse. Ndikuphunzira C++ ndekha usiku ndikaweruka kuntchito, ndiye ndinati ndilembe class yangayanga yonga shared_ptr (smart pointer yomwe imawerengera oloza chinthu nkuchifufuta mu memory womaliza akachoka) kuti ndimvetse zomwe zimachitika mkatimo osangoti kuigwiritsa ntchito ngati matsenga. Mu class muja ndaikamo T* ptr ndi int count, copy constructor ikukopera pointer ija nkuwonjezera 1 pa count, destructor ikuchotsa 1 ndipo ikafika pa 0 ikupanga delete. Ndikaziyang'ana zikuoneka zolondola koma ndikapanga pointer b pokopera pointer a, a uja akangotuluka mu scope, b akuwerenga zinyalala zokhazokha, nthawi zina pulogalamu yonse ikungogwa. Lero ndi tsiku lachitatu, dzulo ndinagona 1 koloko chonsecho 5 koloko ndimayenera kukhala pa mzere wa takisi pa Bree. Ndithandizeni abale anga mutu waima.

Madala_Yeoville

Achimwene vuto lake ndi count yanuyo. Mwaika int mkati mwa class ndiye pointer iliyonse ili ndi nambala yakeyake, a akudziwa kuti alipo yekha, b akudziwa kuti alipo awiri, palibe akuuza mnzake. a akamachoka akuona 0 basi nkufufuta. Tangoganizani fuleti yomwe timakhala anthu asanu kuno ku Joni, tagwirizana kuti womaliza kutuluka ndiye akhome chitseko. Aliyense akamawerengera mumtima mwake wina akhomera mnzake mkati ali kubafa. Pepala lowerengera likhale limodzi, lomata pachitseko, wolowa awonjezere wotuluka achotse. Ndiye pangani int* count, muipange ndi new nthawi imene mukulandira object koyamba, makope onse aloze pomwepo. Ikafika pa 0 mufufute ziwiri, object ndi count yomwe, ambiri amaiwala yachiwiriyo. Musayerekeze kuika static eti, pamenepo ndiye kuti nyumba zonse za mu Rockey Street zikuwerengera papepala limodzi.

NaPhiri_Braam

Zimene anena a Madala ndi zoona, koma mukakonza pamenepo mukumana ndi china. Mwalemba operator= kodi? Mukapanda kulemba compiler imakupangirani yake yomwe imangokopera mapointer osakhudza count, ndiye b = a imataya object yakale ya b osaifufuta, ndipo yatsopanoyo ifufutidwa wina akuifunabe. Polemba samalani ndondomeko yake, yambani mwawonjezera count ya amene mukumukoperayo, kenako chotsani pa yanu, pomaliza koperani mapointer. Mukayamba ndi kuchotsa, tsiku lina wina alemba a = a count ili pa 1, mufufuta chinthu chomwe mukufuna kukopera. Ine zinandichitikira ndili pasukulu, usiku wonse ndinkafufuza mu destructor pomwe munalibe vuto.

Komanso musamadzizunze ndi cout paliponse, pangani compile ndi g++ -g -fsanitize=address, ikuuzani mzere weniweni womwe memory inafufutidwa ndi womwe mwaigwiranso. Valgrind nayonso imathandiza koma imachedwetsa pulogalamu.

mwana_wa_ku_Dedza

Eeh zikomo kwambiri akuluakulu, zatheka! operator= ndinalibe ndithu achemwali, ndimaona ngati copy constructor ikwanira. Koma ndiye ndinasangalala mopitirira, ndapanga manode awiri, woyamba akuloza wachiwiri wachiwiri akulozanso woyamba, pano sikukugwa koma sanitizer munandiuza ija ikuti pali leak (memory yosafufutidwa) ndipo destructor ya node sikuitanidwa olo kamodzi. Ndaononganso pena?

Madala_Yeoville

Ayi simunaononge, pamenepo ndi pomwe nzeru yowerengerayi imathera. Aliyense wagwira mnzake ndiye count ya onse imatsika kufika pa 1 nkuima pomwepo, ngati anthu awiri pakhomo aliyense akuti yambani ndinu kutuluka mpaka kunja kucha. Ngakhale shared_ptr yeniyeni ija, yomwe inachokera ku Boost nkulowa mu standard ya C++11 mu 2011, imachita chimodzimodzi, nchifukwa chake pali weak_ptr yomwe imaloza osagwira. Mukafuna kulemba yanu, int* ija isanduke kastruct kokhala ndi manambala awiri, ya ogwira ndi ya ongoyang'ana. Object ifufutidwe ya ogwira ikafika pa 0, kastruct kaja kadikire mpaka onse awiri afike pa 0, apo ayi weak pointer isowa pofunsa ngati object ikadali moyo. Ine ndinganene kuti mulembe ndithu, ndi pamene ndinamvetsetsa control block, lomwe ndi dzina la kastruct kameneka.

NaPhiri_Braam

Mukamaliza weak ija muonjezere move constructor, ndi yaifupi, mumangolanda mapointer nkusiya nullptr kwa mwini wakale, count osaikhudza, bola destructor yanu izidziwa kuti count itha kukhala nullptr. Za mathread musayambe lero, int wamba sangapirire mathread awiri akumusintha nthawi imodzi, pamafunika std::atomic. Loweruka masana ndimakhala ndili ku Braamfontein, mukakhala simukugwira ntchito bwerani ndi laputopu tidzaione limodzi.