Zotsatira pa funso langa la pulogalamu yowerengera michere ya m'zakudya

Ndikuthokoza nonse amene munandiyankha pamene ndinafunsa chifukwa chimene pulogalamu yanga ya pa kompyuta imaperekera ziwerengero zokayikitsa pa zakudya za amayi oyembekezera amene ndimawalangiza kuno ku Lilongwe. Ndinatsatira malangizo oti ndiyerekeze ziwerengerozo ndi za mu Malawian Food Composition Table ya 2019, mndandanda wa michere ya m'zakudya za kuno ku Malawi, womwe akatswiri a ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR anatengapo gawo poukonza.

Vuto lalikulu linapezeka pa nsima. Pulogalamuyo imadalira mndandanda wa zakudya wa USDA, unduna wa zaulimi wa dziko la America, choncho inkawerengera mtanda wa nsima ngati ufa wouma, chonsecho gawo lalikulu la kulemera kwa nsima ndi madzi. Sinkasiyanitsanso mgaiwa ndi ufa woyera, ngakhale kuti kukonola kumachotsa gaga pamodzi ndi michere yambiri. Chimene chinandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti usipa, umene timadya ndi minga yomwe, unkalowa m'gulu la nsomba zochotsedwa minga, ndipo calcium, mchere wolimbitsa mafupa umene umapezekanso m'mingamo, ankaoneka wochepa.

Tsopano ndimayeza mtanda uliwonse pa sikelo, popeza zipande zimasiyana kukula nyumba ndi nyumba, kenako ndimalowetsa ndekha zakudya zathu m'pulogalamuyo. Powerengera michere, kumbukiraninso kuti shuga ndi mafuta ophikira a m'sitolo amathiridwa vitamini A.