Presha ya m'maso yatsika, koma mayi anga sakutulukanso m'nyumba

Mwana wachisamba, Kawale:

Mayi anga ali ndi zaka 63 ndipo chaka chatha anapezeka ndi matenda a glaucoma, amene amawononga mtsempha wa diso, m'maso onse awiri, ngakhale kuti la kumanzere ndi limene linawonongeka kwambiri. Amadontheza mankhwala a timolol m'mawa ndi madzulo, ndipo ulendo wapitawu adokotala anatiuza kuti presha ya m'maso yatsika kufika pa 17. Tonse tinasangalala. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti moyo wawo sukusonyeza kuti zinthu zili bwino. Mayi amene ankalawirira kumsika wa Tsoka kukapikula kaunjika, amene sankajomba ku Chigwirizano cha amayi, lero amangokhala pakhonde, ndipo dzuwa likangopendeka amalowa m'nyumba. Tikawafunsa amati akuona bwinobwino. Kodi n'chiyani chimene chimamufooketsa munthu wa matendawa ngakhale mankhwala akugwira ntchito, nanga ife ana tingawathandize bwanji?

Mphunzitsi wopuma, Area 25:

Mwanawe, mayi ako akamanena kuti akuona bwinobwino sakunama. Ine ndakhala ndi matendawa zaka 9, ndipo mpaka lero ndimatha kuwerenga Baibulo, chifukwa glaucoma imayamba kudya m'mbali mwa zimene munthu amaona n'kusiya pakati. Vuto limabwera ukatuluka kumsewu. Wakabaza amangotulukira pafupi nawe ngati wagwa kumwamba, ngalande suiona mpaka phazi litalowamo, ndipo kutsika m'minibasi kudepoti anthu akukankhana kumbuyo kwako ndi chinthu chochititsa mantha kwambiri. Kukayamba kachisisira, kapena ukachoka padzuwa n'kulowa m'chipinda chamdima, maso amachedwa kuzolowera, choncho sindikudabwa kuti iwo amalowa m'nyumba msanga.

Koma chimene chinandipweteka ine koposa si kupunthwa ayi. Ndinkadutsa anthu odziwana nawo osawapatsa moni popeza sindinawaone, ndipo mphekesera inamveka yakuti aphunzitsi ayamba kunyada. Kwa munthu wamkulu, manyazi otere ndi okwanira kumutsekera m'nyumba. Ndinapepukidwa nditalimba mtima n'kufotokozera anzanga kumpingo, ndipo tsopano amayamba ndi iwo kundiitana ndi dzina. Kunyumba ana anapaka penti yoyera m'mphepete mwa masitepe, anaika nyale ya sola panjira yopita kuchimbudzi, ndipo anasiya kusuntha mipando popanda kundiuza. Ukamayenda ndi mayi ako uzikhala kumanzere kwawo, kumene kuli diso lofookalo.

Namwino wa maso, Biwi:

Abambo a ku Area 25 afotokoza bwino, ine ndingowonjezera za kuchipatala. Mwa anthu ambiri presha ya m'diso imakhala pakati pa 10 ndi 21, choncho 17 ndi nkhani yabwino, koma nambalayi imangosonyeza kuti tikuteteza zimene zatsala. Mtsempha wochokera m'diso kupita ku ubongo ukawonongeka subwereranso, ndipo apa ndi pamene glaucoma imasiyanirana ndi ng'ala, imene munthu akachitidwa opaleshoni amayambiranso kuona. Odwala ambiri amagwa mphwayi akadontheza mankhwala miyezi ingapo osaona kusintha, ena amawasiya kumene, pamene ena amakhala ndi nkhawa yakuti tsiku lina adzadzuka ali akhungu, ndipo nkhawa imeneyi saiulula kwa ana awo poopa kukhala mtolo. Achemwali, khalani nawo pansi mayiwo muwafunse chimene akuopa, osati chimene akuona.

Mukapitanso kuchipatala mupemphe kuti awayeze kukula kwa malo amene amaona m'mbali, chifukwa muyeso umenewo ndi umene ungakuuzeni za moyo wawo wa tsiku ndi tsiku kuposa presha. Muwauzenso adokotala ngati mayi akumva kutopa, chizungulire kapena kubanika, popeza timolol amatha kuchedwetsa kugunda kwa mtima ndipo sagwirizana ndi anthu a mphumu. Akadontheza azitsinzina n'kukanikiza pakona ya diso pafupi ndi mphuno kwa mphindi ziwiri, kuti mankhwala asalowe ambiri m'thupi. Palinso latanoprost wodontheza kamodzi usiku, komanso opaleshoni yotchedwa trabeculectomy yotsegulira njira madzi a m'diso, koma zimenezi asankhe ndi adokotala. Mankhwala a m'maso ogula mwachisawawa muwapewe, makamaka okhala ndi steroid, chifukwa amatha kukweza presha.

Inuyo ndi abale anu mukayezetse, chifukwa matendawa amayenda m'magazi, amagwira kwambiri ife anthu akuda, ndipo poyamba munthu samva kuwawa. Amene wafika zaka 40 asadikire chizindikiro. Maso amayeza ku Lions Sight First Eye Hospital pa Kamuzu Central komanso kuchipatala cha Nkhoma.

Mlongo wa wodwala, Area 23:

Tisaiwale za ndalama. Achimwene anga anasiya kuyendetsa galimoto chifukwa cha matendawa, ndipo mwezi umene mankhwala sanapezeke kumene timakalandira, tinayenera kugula ku famase pamene pakhomo panalibe ndi ufa womwe. Iwo anayamba kudontheza kamodzi m'malo mwa kawiri kuti botolo likhalitse, ndipo tinazindikira mochedwa. Achibale ena ankati awalodza, n'kumabweretsa zitsamba zothira m'maso, zimene zinangowatupitsa maso. Tsopano abale tonse timasonkha mwezi uliwonse kuti pakhale botolo lina losungira.

Mwana wachisamba, Kawale:

Zikomo kwambiri nonse. Usiku wathawu ndinacheza ndi mayi monga mwandilangizira, ndipo anandiululira kuti mwezi wa Juni anagwera m'ngalande pafupi ndi tchalitchi anthu akuona, koma sanauze aliyense pakhomo. Lamlungu lino ndipita nawo kutchalitchi ndekha, ndipo ine ndi mng'ono wanga tikayezetsa maso Lachiwiri.