Za mayi anga aja ankasowa tulo

Abale, ndabweranso pa nkhani ija ndinafunsa ya mayi anga, amene chimwalirireni bambo ankangobindikira m'nyumba, tulo osabwera, nsima kungotema kawiri n'kusamba m'manja. Ena munati ndiziwatulutsako panja, ena munati tipite kuchipatala. Tinachita zonse ziwiri.

Kuchipatala anati ndi matenda ovutika maganizo, ndipo akulandira uphungu. Anatilimbikitsanso kuti aziwothera dzuwa la m'mawa, poti kuwala kwake kumathandiza thupi kuzindikira nthawi yogona. Ndiye m'mamawa timapita ku Botanical Gardens, munda wa mitengo ndi zomera zosiyanasiyana kuno ku Zomba, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Poyamba ankangokhala pamwala duu, atafunda chitenje kumutu. Tsiku lina anyani akulimbirana zipatso mumtengo, ndinawamva akuseka, koyamba chichitikireni maliro. Panopa amandikalipira ndikalephera kusiyanitsa mkuyu ndi kachere.

Kafukufuku wa ku England wa 2019 anapeza kuti amene amakhala mphindi 120 pa sabata kumalo achilengedwe amamvako bwino m'thupi ndi m'maganizo. Ife timapitirirapo.

Chisoni chikadalipo. Masiku ena amakana kutuluka, ndipo sindiwakakamiza. Koma tulo akugona, ndipo kudimba ayambiranso kupita okha.