Mpira ukungokhotera kumanja ndikamenya ndi driver, ndithandizeni

Akuluakulu amene mumasewera gofu kuno ku Harare, ndikupempha nzeru zanu. Ndine wamanja, ndipo ndikamenya ndi driver (ndodo yaitali yomenyera mpira kutali) mpira umanyamuka bwinobwino kenako n'kukhotera kumanja mpaka kukagwera m'mitengo. Ndi ndodo yofupikirapo ya 7-iron vutoli silioneka kwenikweni.

Bambo ena amene akhala caddie (wonyamulira osewera ndodo) kwa zaka zambiri anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti mapewa anga akumayamba kutembenuka chiuno chisanasunthe, ndiye ndodo ikubwera kuchokera kunja n'kudula mpira chammbali. Anandiuza kuti ndizipanikiza thaulo m'khwapa kuti mikono iziyendera limodzi ndi chifuwa, komanso ndiziika chovundikira driver kunja kwa mpira pang'ono, kuti ndikachigunda ndidziwe kuti ndodo yadutsa molakwika. Za thaulozi zikuthandiza ndikamamenya pang'onopang'ono. Koma ndikangowonjezera mphamvu, thupi lonse limatsalira pa mwendo wakumanja, ndipo pofika madzulo msana umawawa cha m'munsimu. Chimenechi ndiye chikundidetsa nkhawa kwambiri.

Kodi ndiyambe n'kukonza kagwiridwe ka ndodo, kapena ndilimbane kaye ndi kusamutsira thupi ku mwendo wakumanzere? Ndimaonera makanema a Nick Price, katswiri wa gofu amene anapambana mpikisano wa Open Championship mu 1994. Amamenya mwachangu koma sadzandira, ndipo ndikufuna kudziwa chimene chimamugwira chotero.

Ngati mukudziwa mphunzitsi wa mtengo wofikirika ku mabwalo a gofu a Chapman, Warren Hills kapena Royal Harare, chonde ndiuzeni. Ndimapezeka Loweruka m'mawa.